Khoti la ku Petauke ndi Dziko Limene Liweruza

Munthu ali yense wa ku Petauke kapena wa ku Nyimba adziwa pamene pali khoti, ngakhale iye amene sanalowemo ciyambire. Koma ndi owerengeka amene adziwa kumene khotilo linacokera, ndi cifukwa cace milandu imene makolo athu anali kuikamba pansi pa mtengo lero ikambidwa pa boma, pamaso pa munthu amene sadziwa mbumba ya wodandaula kapena ya woimbidwa mlandu. M'nkhani ino tifuna kulongosola mbiri imeneyi. Tiyamba ndi dziko lenilenilo, mapiri ace ndi mitsinje yace, pakuti kuno kwathu mlandu uli wonse uli ndi mtunda wace. Munthu wa kwa Luembe ndi munthu wa pa boma ali pansi pa lamulo limodzi, koma kuti mau ao amveke kwa woweruza, wina ayenda pang'ono cabe pamene mnzace agona m'njira.

MAONEKEDWE A DZIKO

Petauke ali m'cigawo ca Kum'mawa ca Zambia, pa mtunda wa makilomita ngati 400 kucokera ku Lusaka, pa mseu waukulu wonka ku Chipata wochedwa Great East Road. Boma lenileni lili pang'ono kumpoto kwa mseuwo. Nyimba ali pa mseu womwewo, ndipo wocokera ku Lusaka ayamba kufika pa Nyimba, nayendanso makilomita ngati 70 kuti afike pa Petauke. Kumwera kuli malire a Mozambique. Kumpoto ndi kumadzulo kuli mtsinje wa Luangwa, umene ulandira madzi a Lukusashi ndi Lunsemfwa usanakathire mu Zambezi pa Feira, pamene lero pachedwa Luangwa, kupenyana ndi Zumbo.

Dziko ili lili pawiri. Kumtunda, kumene kwadzera mseu, nthaka ndi yabwino ndipo midzi ndi yoyandikana. Anthu alima cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa, naweta ng'ombe, ndipo apaulendo onse adziwa nthoci za pa Nyimba. Koma munthu akatsika mapiri kunka ku Luangwa apeza dziko lina. Kucigwa kutentha koopsa m'mwezi wa October, kuli kashembe amene saleka ng'ombe kuti zikhale, midzi ndi yotalikirana, ndipo njobvu, njati ndi mvuu zidyera pamodzi ndi anthu m'minda. Mvula ikagwa, timitsinje timene m'cilimwe muli mcenga wokha tidzaza, ndipo njira zitsekeka. Dziko la Mfumu Luembe lili kumeneko, mbali ina tsidya lino la Luangwa ndi mbali ina tsidya lija.

Pa kalembera wa 2010 boma la Petauke linali ndi anthu oposa 300,000, ndipo linali limodzi la maboma atatu a anthu ambiri m'cigawo conse. Boma la Nyimba, limene dziko lace lalikulu ndi mapiri ndi cigwa, linali ndi anthu osafika 100,000. Owerenga asunge kusiyana kumeneku, cifukwa tidzakumana nakonso.

ENI DZIKO

Mtundu waukulu m'dziko lino ndi Ansenga. Mfumu yao yaikulu ndi Kalindawalo, ndipo mafumu ena odziwika ndi Mwanjawanthu, Mumbi, Nyamphande, Sandwe, Nyanje ndi Ndake. Kufupi ndi Luangwa kuli Nyalugwe. M'cigwa muli Aambo, amene ndi abale ao a Alala, ndipo cilankhulo cao cifanana ndi Cilala koposa Cinyanja. Mafumu ao ndi a pfuko la Nyendwa. Luembe ndi Mwape ali mbali ya Nyimba, pamene Mboroma ndi Chisomo ali m'cigawo ca Pakati, cifukwa malire a Azungu anadula mtunduwo. Wansembe wa Cikatolika, Bambo Bronislaw Stefaniszyn, anakhala pakati pao nalemba buku la miyambo yao limene linasindikizidwa mu 1964.

Ansenga ndi Aambo omwe awerenga ubale kutsata kwa amai. Mwana ndi wa pfuko la amace, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa amaiwo, amene ife timati atsibweni. Mwamuna akakwatira anali kukakhala ucikamwini kwao kwa mkazi. Munthu akamwalira, dzina lace ndi cuma cace zinali kugwera mbale wace kapena mwana wa mlongo wace, osati ana obala iye. Mwambo umenewu ndiwo muzu wa milandu yambiri imene makhoti a kuno aimva kufikira lero.

MILANDU M'MASIKU A MAKOLO

Kale kunalibe nyumba ya milandu. Kukabuka kusamvana m'banja, oyamba kuitanidwa anali ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Akalephera iwo, nkhani inali kupita kwa mfumu ya mudzi ndi akulu ace, amene anali kukhala pabwalo, pamthunzi, anthu onse ali kumva. Milandu yolemera, monga ya kupha munthu, ya ufiti, kapena ya midzi iwiri yolimbana, inali kukwera kwa mfumu ya dziko ndi nduna zace.

Munthu sanali kuima yekha pa mlandu. Amene anali kumlankhulira ndi atsibweni ace, ndipo akatsutsidwa, mbumba yonse inali kusonkha dipo: nkhuku, mbuzi, makasu, mikanda kapena nsalu. Ndende kunalibe. Colinga ca bwalo cinali cakuti wolakwiridwa abwezeredwe, ndi kuti mabanja awiriwo athe kumweranso pa citsime cimodzi. Akulu anali kuti mlandu suola, ndiko kunena kuti ngongole ya agogo ikhoza kufunsidwa kwa adzukulu. Mfumu inalinso ndi zace: mlenje akapha njobvu, mnyanga wa pansi, umene wagunda nthaka, unali wa mwini dziko.

Tisaname kuti zonse zinali zabwino. Pa mlandu wa kupha, mbumba yosauka inali kupereka mwana wao kukhala kapolo. Pa mlandu wa ufiti anali kumwetsa mwabvi, ndipo ambiri osalakwa anafa nao. Munthu wopanda abale amphamvu anali kubvutika kupambana. Koma bwalo la makolo linali ndi zinthu ziwiri zimene makhoti onse otsatira azifunafuna: linali pafupi, ndipo oweruza anali kudziwa anthu amene ali kuwaweruza.

ZAKA ZA NKHONDO

M'zaka za makedzana mafumu a Ansenga anali kupereka mitulo kwa Undi, mfumu ya Acewa. Apwitikizi anakhazikika pa Zumbo m'zaka zoyamba za m'ma 1700, nayamba kugula minyanga ndi akapolo. Mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, nakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga asanapitirire kumpoto. Patapita zaka, Mpezeni mwana wace anabweranso, ndipo anagwira Ansenga ambiri kotero kuti Angoni a ku Chipata anasiya cilankhulo cao nayamba kulankhula Cinsenga.

Kucokera kumwera kunabwera Acikunda ndi mfuti zao, otsogozedwa ndi anthu onga Kanyemba ndi Matakenya, amene anakwera ndi Luangwa kufuna minyanga ndi anthu. Midzi inathawira m'mapiri kapena inamanga malinga. M'masiku otere bwalo la mfumu linacepa mphamvu, pakuti mau a mwini mfuti ndiwo anali ciweruzo. Ici ndico cifukwa cace ena mwa makolo athu, pakufika Angerezi, anayamba awaona ngati oleletsa nkhondo, asanaone msonkho.

KAMPANI NDI BOMA LOYAMBA

Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana malire, ndipo Ansenga anagawika, ena kwa Angerezi ena kwa Apwitikizi. Mjeremani wina, Carl Wiese, ananena kuti Mpezeni anampatsa dziko, ndipo pa mau amenewo panaimikidwa kampani ya North Charterland mu 1895, yotenga dziko la mamailosi 10,000 m'litali ndi m'lifupi mocurukitsa, limene linaphatikizapo mbali yaikulu ya dziko la Ansenga. Mafumu a Ansenga sanafunsidwe. Mu 1898 asilikari anagonjetsa Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni naphedwa, ndipo mu 1899 Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa British South Africa Company.

Lamulo la mu 1900 ndilo linabweretsa makhoti a Cizungu. Pa Fort Jameson panaikidwa High Court, jaji wace Leicester Beaufort, ndipo wolamulira dziko anali Robert Codrington. M'madera munaikidwa Azungu ochedwa Native Commissioner. Boma loyamba la Petauke silinali pamene lili lero ai. Linali kumpoto, cakucigwa, pa malo amene kufikira tsopano achedwa Old Petauke, m'dera lomwe munali mgodi wa golide wa Sasare.

Khoti la masiku amenewo linali khonde kapena cipinda ca ofesi. Mzungu mmodzi yemweyo ndiye anali wokhometsa msonkho, mkulu wa amesenjala, woweruza, ndi mwini ndende. Msonkho wa nyumba unayamba mu 1901, masheleni 3 pa caka, ndipo wolephera kulipira anali kugwidwa ndi amesenjala, kuweruzidwa ndi bwana yemweyo amene anafuna msonkhowo, ndi kugwira nchito ya ukaidi. Cikoti cinalinso cilango ca lamulo. Pakati pa bwana ndi woimbidwa mlandu panali womasulira, ndipo mlandu unali kuyenda monga mwa lilime lace. Mabwalo a mafumu anapitirira kukamba za maukwati ndi ngongole, koma boma linali kungowalekerera, osawawerenga ngati makhoti enieni.

Mu 1911 maiko awiri anaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, likulu lace Livingstone, ndipo mu 1924 Kampani inapereka dziko m'manja mwa boma la ku London. Lamulo la za ufiti la mu 1914 linaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi kuombeza pofuna mfiti. Lamuloli linapulumutsa miyoyo ya nkhalamba zambiri, koma anthu anaona ngati boma liteteza mfiti ndi kulanga olodzedwa. Posowa bwalo lomva madandaulo otere, anatsata ena. Mu 1925 Tomo Nyirenda, wochedwa Mwana Lesa, anamiza anthu m'madzi pakati pa Alala a ku Mkushi ponena kuti ndi mfiti, ndipo mu 1926 anapacikidwa pamodzi ndi Mfumu Shaiwila. M'zaka za 1933 ndi 1934 anyamata a mcape anayenda m'midzi ndi mankhwala ao ndi magalasi ao.

Panalinso mlandu waukulu umene palibe khoti la m'dera linatha kuumva. Pofika 1928 boma linapatula malo ochedwa Native Reserves, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kucoka pa nthaka ya North Charterland, poyembekeza alimi a Cizungu amene ambiri a iwo sanabwere. M'malo opatulidwawo anthu anapanikizana, nthaka inaguga, pamene minda yakale inasanduka chire la nyama ndi kashembe. Mu 1941 boma linagula dziko lotsala la kampaniyo, ndipo anthu anayamba kubwezeredwa.

MAKHOTI A MAFUMU

Mu 1929 panapangidwa malamulo awiri, Native Authority Ordinance ndi Native Courts Ordinance, amene anayamba kugwira nchito mu 1930 nakonzedwanso mu 1936. Boma linaona kuti Azungu owerengeka sangathe kumva milandu ya dziko lonse, ndipo linabwezera mafumu mphamvu, koma pansi pa diso la District Commissioner, amene anthu anali kumuti Bwana Disi. Kale mafumu a Ansenga anali kulamulira yense dziko lace, koma boma linafuna mutu umodzi wolankhula nao, ndipo ulemu umenewo unakhazikika pa Kalindawalo. Ofesala wina wa boma wa nthawi imeneyo, E. H. Lane Poole, anasonkhanitsa mbiri za mitundu ya cigawo cino nazisindikiza mu 1934.

Apa ndipo panayambira nyumba za milandu m'midzi. Pa likulu la mfumu panamangidwa khoti, poyamba la mitengo ndi udzu, pambuyo pace la njerwa. Mfumu inali kukhala pa mpando ndi akulu oithandiza. Kalaliki wa khoti anali kulemba maina, mlandu ndi cigamulo m'buku, ndi kupereka risiti. Kapaso anali kuitana mboni ndi kusunga bata. Kucokera mu 1936 ndalama za faindi ndi za kutsegulira mlandu zinali kulowa m'thumba la Native Treasury, limene linali kulipira mafumu, akalaliki ndi akapaso. Makhoti amenewa sanaloledwe kuweruza mlandu wa kupha, wa ufiti, kapena wokhudza Mzungu. Bwana Disi poyendera midzi, ndi amtengatenga ace, anali kuwerenga buku la khoti, ndipo anali ndi mphamvu yosintha cigamulo. Wosakhutira anali kukwera ku khoti la mfumu yaikulu, ndi kucoka apo kwa Bwana Disi.

Kwa anthu a kucigwa, nyengo iyi inabweretsa khoti pakhomo. Munthu wa kwa Luembe anatha kumvedwa m'cilankhulo cace ndi anthu odziwa mwambo wace, ndipo cigamulo cinalembedwa. Koma khoti lomwelo ndilo linali kulanga anthu pa malamulo a boma, a zimbudzi, a mizere ya m'minda, a kutentha chire ndi a kusaka nyama. Cotero m'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, anyamata a ndale anayamba kuona mafumu ndi makhoti ao ngati dzanja la atsamunda.

M'zaka zomwezo mseu unasintha dziko. Ulalo woyamba wa pa Luangwa unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo mu 1935 likulu la dziko linasamukira ku Lusaka. Katundu amene kale anali kuyenda pa mitu ya anthu anayamba kuyenda pa malole. Boma la Petauke nalo linacoka cakucigwa kudza kumtunda, kufupi ndi mseu, kumene kunali anthu ambiri ndi malonda a nshawa. Ofesi, polisi, ndende ndi khoti la majisitireti zinatsata. Anthu a kumtunda anapindula, koma kwa Aambo ndi ena a m'mbali mwa Luangwa boma linatalikira.

UFULU NDI MAKHOTI A LERO

Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964. Mu 1966 Local Courts Act inacotsa makhoti a mafumu niika ma Local Court m'malo mwace. Ambiri anakhalabe pa malo akale, kufupi ndi malikulu a mafumu, koma mfumu sinakhalenso pa mpando woweruza. Oweruza asankhidwa ndi Judicial Service Commission ndipo alandira malipiro a boma. Nchito yoweruza inalekanitsidwanso ndi nchito yolamulira dera, kotero kuti mkulu wa boma la dera lero alibe mphamvu yoweruza mlandu.

Makwerero a makhoti ali motere. Pansi pali Local Court, imene imva za maukwati a mwambo, cisudzulo, cigololo, mimba, kutukwanizana, ngongole ndi cuma ca masiye. Iweruza potsata mwambo wa anthu, malinga mwambowo usatsutsane ndi lamulo lolembedwa kapena cilungamo. Maloya saloledwa kuimira anthu m'menemo, ndipo anthu alankhula cilankhulo cao. Pamwamba pace pali khoti la majisitireti, limene lili pa Petauke ndi pa Nyimba. Ilo limva milandu ya kuba, kumenya, kusaka nyama popanda cilolezo ndi ina yotere, ndiponso apilo yocokera ku Local Court. Mau ace alembedwa m'Cingerezi, ndipo womasulira akalipo monga m'masiku a Kampani. Milandu ya kupha ipita ku High Court ku Chipata. Kupitirira apo kuli Court of Appeal, imene inakhazikitsidwa mu 2016, ndi Supreme Court ku Lusaka. Cilango ca imfa cinathetsedwa mu December 2022.

Malamulo atatu asintha kwambiri zimene zikambidwa m'makhoti a kuno. Loyamba ndi Intestate Succession Act la mu 1989, lonena za cuma ca munthu womwalira osalemba wilo. Tiyerekeze kuti munthu wasiya ng'ombe 10. Lamulo lipatsa ana ace 5, mkazi wace 2, makolo ace 2, ndi ena amene anali kudalira iye 1. Mwana wa mlongo, amene pa mwambo wa Ansenga ndiye anali wolowa, salandira kanthu ngati sanali kuleredwa ndi malemuyo. Koma lamuloli silikhudza nthaka ya mwambo kapena cuma ca ufumu, cotero mkazi wamasiye akhoza kupambana pa ng'ombe ndi kutaya munda. Laciwiri ndi Lands Act la mu 1995, limene lilola kuti nthaka ya mwambo isandutsidwe ya pepala, kufikira zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomera. M'mbali mwa Luangwa, kumene kwatsegulidwa mafamu a nyama za kuchire, lamuloli labutsa mafunso olemera onena za amene ayenera kufunsidwa nthaka isanaperekedwe. Lacitatu ndi kusintha kwa lamulo la maukwati mu 2023, kumene kunaletsa ukwati uli wonse wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale wa mwambo.

KUGAWIKA KWA BOMA

Boma lakale la Petauke linali lalikulu kwambiri, kuyambira ku malire a Katete kufikira tsidya lija la Luangwa. Pakati pa kalembera wa 1990 ndi wa 2000, Nyimba anapatulidwa kukhala boma palokha, ndi mafumu Luembe, Mwape, Nyalugwe ndi Ndake. Mu 2012 panapangidwa boma la Sinda kucokera ku mbali za Petauke ndi Katete, ndipo Nyanje anagwera kumeneko. Mu 2018 panapangidwanso Lusangazi, kwa Sandwe ndi Nyamphande, kumene kuli Old Petauke. Motero malo amene boma linawasiya pokwera kumtunda alandiranso boma lao patapita zaka zambiri. Cifukwa ca kugawa konseku cinali cimodzi, kufupikitsa mtunda. Koma kulengeza boma ndi nchito ya tsiku limodzi, pamene kumanga khoti, nyumba ya majisitireti, polisi ndi mseu ndi nchito ya zaka.

MTUNDA WA KWA LUEMBE

Tsono tibwerere kucigwa. Tiyerekeze mai wa tsidya lija la Luangwa amene alamu ace amlanda mbuzi ndi njinga mwamuna wace atamwalira. Lamulo la 1989 lili mbali yace. Koma ayenera kuoloka mtsinje pa bwato, kufika ku Local Court, kulipira ndalama ya samoni, ndi kubweretsa mboni zimene ayenera kuzidyetsa m'njira. Akagonja nafuna apilo, ulendo wace ndi wokwera mapiri kunka ku Nyimba. Akapeza kuti mlandu waimitsidwa kufikira mwezi wamawa, abwerera wopanda kanthu, ndipo ngati ndi nthawi ya dzinja, munda wace watsala ndi njobvu. Mai wokhala pa Petauke, wa mlandu wofanana, apita ku khoti m'mawa nabwera kudzaphika nsima ya masana.

Mlandu wa nyama ndiwo uyenda msanga kucoka kucigwa. Mbali yaikulu ya dziko la Luembe ili m'malo osungirako nyama ochedwa West Petauke Game Management Area. Pa lamulo la nyama la mu 2015, mnyanga wa njobvu yophedwa popanda cilolezo ndi wa boma, wa pansi ndi wa pamwamba womwe. Wogwidwa ndi nyama kapena msampha atengedwa pa galimoto kunka kwa majisitireti. Lamuloli lili ndi cifukwa cace, pakuti popanda ilo njobvu zikanatha, monga anathera acipembere a m'cigwa ca Luangwa m'zaka za m'ma 1980. Koma mlimi amene njobvu zamdyera munda wonse alibe womuimba mlandu. Anthu a kumeneko aona kuti khoti liwapeza msanga akalakwa, koma iwo akalakwiridwa ayenera kulifuna okha.

Ndico cifukwa cace milandu yambiri ya kucigwa, ndi ya kumtunda yomwe, itherabe kwa ankhoswe, kwa mfumu ya mudzi ndi kwa mfumu ya dziko, ngakhale kuyambira 1966 lamulo siliwerenga mabwalo amenewa ngati makhoti. Anthu apita kumeneko cifukwa ndi pafupi, ndiponso cifukwa mawa adzakhalabe pamodzi ndi amene atsutsana naye. Izi zithandiza pa milire ya minda ndi mikangano ya m'banja. Koma pali milandu imene siyenera kutha ndi mbuzi: kugwirira mwana, kukwatitsa mtsikana wamng'ono, kupha nkhalamba poiganizira ufiti. Mlandu wotere ukabisidwa pamudzi cifukwa boma lili kutali, wolakwiridwa ndiye alipira mtunda umenewo.

Cimene cifunika sindico kubwerera ku mwabvi kapena ku khonde la Bwana Disi. Cifunika ndi cakuti majisitireti azitsika kucigwa pa masiku odziwika m'cilimwe kukamva milandu komweko, kuti ma Local Court a kumidzi akhale ndi oweruza ndi akalaliki okwanira, kuti omasulira adziwe Cinsenga ndi cilankhulo ca Aambo osati Cinyanja ca m'tauni cokha, ndi kuti miseu yotsikira ku Luangwa ikonzedwe. Mafumu nao, amene akali ndi ulemu waukulu, adziwe milandu yoyenera kuitumiza ku polisi.

Pali cinanso cimene ine, amene ndagwira nchito ya ukalaliki zaka zambiri, ndipempha. M'zipinda zosungiramo katundu ndaonamo mabuku akale a makhoti a mafumu ataunjikidwa pansi, ciswe ndi makoswe zili kuwadya. M'mabuku amenewo muli maina a midzi imene inasamuka, milire ya minda, mitengo ya mbuzi ndi nsalu, ndi mwambo wa Ansenga ndi Aambo monga anaulongosola akulu amene anaona masiku a Acikunda. Ena a mabuku otere asungidwa ku National Archives ku Lusaka, koma otsala m'madera ali pa ngozi. Inu owerenga a m'tauni, amene muli ndi abale kwa Luembe, kwa Mwape, kwa Ndake kapena kwa Kalindawalo, mukapita kwanu funsani za mabuku amenewa, ndipo lembani zimene nkhalamba zikumbuka za milandu yakale zisanatisiye. Muwafotokozerenso abale anu makwerero a makhoti monga talongosola pano, kuti wogonja pa Local Court adziwe kuti khomo la majisitireti lili lotseguka kwa iye, ndi kuti asacedwe kukagogoda.